Usasiye Ntchito Kaye, Mwana Wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi adzukulu anga. Kuno tilipo, kungoti miyendo ya bambo ako ikuwavutabe.

Nkhani yoti ukufuna kusiya ntchito kuti uzingolemba mabuku yandisowetsa tulo. Luso uli nalo, zimenezo sindikutsutsa. Koma poti dzina la Toni Morrison, mlembi wa ku America uja, silichoka pakamwa pako, tiye tione mmene mwini wakeyo anayendera.

Banja lake linatha mu 1964, ali ndi mwana mmodzi wamng'ono, winanso ali m'mimba. Chaka chotsatira analowa ntchito ya ukonzi wa mabuku a sukulu mumzinda wa Syracuse, pansi pa kampani yosindikiza mabuku ya Random House, kenako anamusamutsira ku likulu la kampaniyo ku New York. Zolemba zakezake ankazigwira mbandakucha, ana asanadzuke. Kukacha, n'kumapita kukakonza mabuku a anthu ena. Buku lake loyamba, The Bluest Eye, linatuluka mu 1970 ali ndi zaka 39, ndipo poyamba silinayende malonda kwenikweni. Ndiye iwe amene ukudandaula kuti wachedwa, wachedwa chiyani?

Ngakhale buku lake la Song of Solomon litamutchukitsa mu 1977, mayiyu sanatsanzike kuntchito. Anachoka mu 1983, atatulutsa kale mabuku anayi a nthano. Kuchokakonso sikunali kukakhala chabe pakhomo: anapitiriza kuphunzitsa, ndipo kuyambira 1989 anali pa yunivesite ya Princeton.

Koma chimene ndikufuna uchimvetse kwambiri ndi ichi. Iwe umati ntchito ikukudyera nthawi ya luso lako. Iye nkhani ya buku lake lotchuka koposa anaitola ali pantchito pomwepo. Akusonkhanitsa zolemba zakale za anthu akuda a ku America zoti zilowe m'buku la The Black Book la 1974, anapeza kachidutswa ka nyuzipepala konena za Margaret Garner, kapolo amene anathawa ku Kentucky kuwolokera ku Ohio mu 1856. Omusaka atamupeza, mayiyo anapha mwana wake wamkazi, kukana kuti abwerere ku ukapolo. Ine monga kholo, nkhaniyi imandizizitsa thupi. Morrison anaisunga mumtima zaka zoposa khumi, mpaka inadzabala buku la Beloved mu 1987. Mphoto yapamwamba ya alembi ya Pulitzer inabwera mu 1988, ya Nobel mu 1993. Akanakhala kuti anathawa ofesi msanga, kachidutswa kaja akanakaona kuti? Nawenso anthu amene umakumana nawo tsiku ndi tsiku, madandaulo awo, ngakhale mabodza awo, ndiwo nkhokwe yako.

Usaiwalenso kuti iye ankalembera dziko la anthu ochuluka ogula mabuku. Kuno buku limodzi limazungulira mudzi wonse mobwerekana, wolemba osaonapo kanthu, pomwe lendi ndi fizi za ana sizidikira.

Ndikudziwa kuti umatopa, ndipo kudzuka usiku si masewera kwa munthu wolera yekha ana. Tsono tichite chonchi: sukulu akatsekera, anawo uwabweretse kuno adzakhale nafe tchuthi chonse, iwe utenge masiku ako opuma, ulembe mosadodometsedwa. Mitu imene wamaliza kale unditumizire, bambo ako akuti ndiziwawerengera madzulo.

Upereke moni kwa adzukulu angawo.

Ndine,
Mayi ako