Wofatsa si wozizira mu uzimu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaulepo za momwe timasankhira anthu pa maudindo m'mipingo mwathu. Ndine mkulu wa mpingo kuno kufupi ndi Lizulu, ndipo zomwe ndinene ndaziona kwathu komanso m'mipingo yoyandikana nafe. Chisankho chikafika, kaya ndi cha akulu a mpingo, cha amayi kapena cha achinyamata, manja amakwera pa munthu mmodzimodzi yemweyo: uja wodziwa kuyankhula, wopemphera mpaka malata kunjenjemera. Upampando timampatsa iyeyo, thumba la ndalama iyeyo, kwaya iyeyo, maliro akagwa woyendetsa mwambo ndi iye yemwe. Wofatsa uja wokhala kumbuyo pafupi ndi khomo timangoti ngozizira mu uzimu, ena amafika pomunena kuti ngonyada. Apa tikulakwa, ndipo mpingo ukutaya antchito abwino uli kuwaona.

Kwathu kuli mayi wina wamasiye, dzina ndisatchule. Mayi a kunyumba amandiuza kuti pa msonkhano wa Lachinayi akamuloza kuti atsogolere pemphero, amangonena mawu awiri atatu, amen. Anzake amaseka chamumtima. Koma wina adwale m'mudzi, woyamba kufika ndi phala ndi mayiyu. Wodwala akasowa womudikirira kuchipatala, amanyamula chitenje ndi kapoto n'kukagona pansi monga gadiyani, ngakhale m'chisanu cha mu June chimene anthu a kuno mukuchidziwa. Amadziwa nkhalamba imene nyumba yake ikudontha ndi mwana wamasiye amene wasiya sukulu chifukwa cha yunifolomu. Komiti yozonda odwala itasankhidwa, dzina lake silinatchulidwe n'komwe. Analowamo ndi odziwa kuimba ndi kulalikira, ndipo akafika kwa wodwala amalalikira ola lathunthu, wodwalayo akungofuna womutembenuza pamphasa.

Za ndalama ndiye zimandiwawa kwambiri. Ndaonapo bambo wina wansangala, wokondedwa ndi aliyense, woolowa manja, atasankhidwa kukhala msungichuma chifukwa anthu amamukonda basi. Sanabe ngakhale tambala imodzi, ndikhoza kuikira umboni. Kungoti kulemba sichinali chibadwa chake. Matumba a chimanga cha masika analowa osawerengedwa bwino, wina akabwera kudzalira vuto amangopereka osalembetsa, malisiti ali m'thumba la jekete. Chaka chitatha mawerengero anakana, mbiri inamveka mudzi wonse kuti wadya za Mulungu, ndipo lero iye ndi banja lake amapemphera kwina. Pomwepo panali mnyamata wina wosayankhulayankhula, wogulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika wa Lizulu, amene thumba lililonse amalilemba m'kope, ngongole ya aliyense ndi tsiku lake. Palibe anamuganizira chifukwa pamsonkhano satsegula pakamwa.

Kusiyana kwa zibadwa za anthu si nkhani ya lero. Hippocrates, sing'anga wachigiriki wobadwa cha m'ma 460 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti m'thupi muli timadzi tinayi: magazi, ndulu yachikasu, ndulu yakuda ndi makhololo. Pambuyo pake sing'anga wina, Galen, anagwirizanitsa timadzi timeneti ndi makhalidwe, ndipo mpamene panachokera magulu anayi amene alaliki ena amawatchula m'maphunziro a mabanja: sanguine wansangala wokonda gulu, choleric wamtima wapachala wokonda kutsogolera, melancholic woganiza mozama wofuna zinthu zilongosoke, ndi phlegmatic wodekha wosakonda mikangano. Zoti khalidwe limachokera mu ndulu madokotala anazitaya kalekale, koma zoti anthu amabadwa osiyana palibe kholo la ana asanu lingatsutse. Mu 1921 Carl Jung wa ku Switzerland analemba za anthu amene mphamvu zawo zimabwerera akakhala pagulu ndi ena amene zimabwerera akakhala paokha. Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Myers a ku America anatenga maganizo amenewo n'kukonza mafunso ogawa anthu m'magulu 16, omwe achinyamata athu akutumizirana pa WhatsApp masiku ano.

Komatu ife sitifunika kupita ku Switzerland, Baibulo lathu ladzaza ndi zimenezi. Petro timamudziwa tonse: woyamba kuyankha, woyamba kutsika m'ngalawa, woyamba kusolola lupanga, ndipo tsiku la Pentekoste atalalikira anabatizidwa anthu ngati 3,000. Nanga anamubweretsa kwa Yesu ndani? Ndi m'bale wake Andreya, amene ulaliki wake sitiuwerenga paliponse. Andreya yemweyo ndiye anaona kamnyamata ka mikate isanu ndi nsomba ziwiri pakati pa chikhamu chonse chija, pa Yohane 6. Mose anadandaula kuti ngolemera pakamwa, ndipo Mulungu sanamuchotse pa udindo, anangomupatsa Aroni kuti azimuyankhulira. Marita timamunyoza m'maulaliki chaka ndi chaka chifukwa cha Luka 10, pomwe mpingo uliwonse ukakhala ndi alendo umadalira a Marita kukhitchini. Timaiwala kuti Lazaro atamwalira, amene anathamanga kukachingamira Yesu n'kuvomereza kuti ndiye Khristu Mwana wa Mulungu anali Marita yemweyo, Mariya atakhala m'nyumba. Yohane 11 ikunena kuti Yesu anawakonda onse awiri.

Nkhani imene ndimafuna akulu anzanga aziiwerenga asanakhale pabwalo la milandu ndi ya pa Machitidwe 15. Paulo ndi Barnaba anakangana koopsa chifukwa cha Yohane Marko, mnyamata amene anawathawa pa ulendo woyamba ali ku Pamfuliya. Paulo, munthu wa ntchito, anati wothawa sitimutenganso. Barnaba, munthu wa anthu, anati timupatsenso mwayi. Anasiyana, Barnaba n'kutenga Marko kupita ku Kupro, Paulo n'kutenga Sila. Wolakwa ndani? Ntchito inafunika kulimba mtima kwa Paulo, koma pakanapanda kuleza kwa Barnaba, Marko akanatayika. Paulo yemweyo atakalamba analembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ngothandiza pa utumiki. Mabwalo athu ambiri adzaza a Paulo okhaokha, ndiye mtsikana akalakwa kapena mnyamata akagwa, chigamulo chimatuluka msanga ndipo womutsatira kunyumba sapezeka. Wa ngolo aliyense wa ku Tsangano amadziwa kuti ng'ombe ziwiri zaliwuma sazimanga goli limodzi, amaphatikiza yothamanga ndi yodekha kuti katundu akafike kumsika.

Ndichenjezepo pa zinthu ziwiri, chifukwa ndaona kale kumene ena akulowera nazo. Choyamba, mayina amenewa asasanduke chobisalira. Ndinamva wapampando wina atakalipira amayi okalamba pagulu akuti, "Ine ndine choleric, ndinabadwa choncho." Ayi bambo, kupsa mtima ndi kupsa mtima, ndipo kudziletsa kuli pa mndandanda wa chipatso cha Mzimu pa Agalatiya 5 kwa wina aliyense. Wofatsanso asamati chibadwa pamene akungothawa ntchito. Mafunso a pafoni aja si uneneri. Anthu ambiri akawayankhanso patapita milungu ingapo amapezeka ali m'gulu lina, ndiye tisamange nawo ukwati kapena kuthetsa chibwenzi cha ana athu.

Chachiwiri, mafunsowo anakonzedwa ndi anthu osadziwa mudzi wathu. Kuno kukhala chete nthawi zambiri ndi ulemu. Mkamwini amene akukhala kwa akazi ake sangatsutse apongozi ake pamsonkhano wa mpingo, ngakhale atakhala ndi mfundo yabwino chotani. Mtengwa watsopano sangaimirire kuyankhula amayi a mwamuna wake ali pomwepo. Mnyamata amadikira akulu onse amalize, ndipo akamamaliza nthawi yatha, tikutseka ndi pemphero. Mukawaone anthu omwewa kudimba kapena ku mpira, mudzadabwa kuti pakamwa pali bwinobwino. Choncho mbusa kapena mkulu wofuna kudziwa chibadwa cha nkhosa zake asadalire zimene amaona Lamulungu. Apite kumudzi, akhale pakhonde, aone munthuyo ali pakati pa anzake a msinkhu wake.

Zoti tichite si zodula ayi. Tisanasankhe munthu tiyambe tafotokoza ntchito yake: msungichuma azikhala wokonda kulemba, wozonda odwala akhale wodziwa kumvetsera, wolandira alendo pakhomo akhale uja wansangala, wotsogolera zomanga tchalitchi akhale uja wosachedwa kugamula, koma pambali pake tiikepo wofunsa mafunso. Voti izikhala yapapepala, chifukwa kukweza manja kumangotsata kumene dzanja la munthu wamkulu lalowera. Nkhani zikuluzikulu tizizilengeza sabata imodzi zisanakambidwe, popeza pali anthu amene nzeru zawo zimabwera atagona nazo, osati pomwepo. Wapampando aphunzire kufunsa wokhala chete uja mwaulemu, ngakhale pambali msonkhano utatha. Ndipo munthu mmodzi asasenze maudindo anayi, ngakhale atawafuna, chifukwa wansangalayonso amatopa, kungoti sadziwa kukana.

Pempho langa kwa abusa ndi aphunzitsi a m'sukulu zaubusa ndi lakuti nkhaniyi ilowe m'maphunziro a akulu a mpingo ndi atumiki akangosankhidwa, m'Chichewa chomveka, ndi zitsanzo za m'Baibulo zomwe anthu akuzidziwa kale. Ndikanakondanso kumva kudzera m'nyuzipepala yanu ino momwe a m'miphakati ya Katolika ku Bembeke ndi ku Mua, komanso a mipingo ya chipentekoste, amasankhira asungichuma ndi ozonda odwala awo.

Mkulu wa mpingo,
Lizulu, Ntcheu