Bwezani $123.58 yanga, ndipo munditsegulire fayilo yanga ya bajeti

Ndikulemba pano poyera chifukwa ku inbox kwanu ndalembako kanayi, ndipo yankho ndi lomwelomwelo, lija limabwera lokha pakangotha mphindi imodzi kuti mukuunika nkhani yanga. Ku imelo chimodzimodzi. Foni ndinaimba, ndipo zimene ndinakumana nazo kumeneko n'zimene zandichititsa kuti lero ndilembe pa tsamba lanu, makasitomala anu onse akuona. Choncho musayambe n'komwe zondiuza kuti ndikupezeni ku inbox. Ndachokera komweko.

Ndakhala kasitomala wanu zaka 7. Pulogalamu yanu ya bajeti ndinaigula kamodzi, n'kuiika pa kompyuta, ndipo kuyambira pamenepo palibe ndalama imene inalowa kapena kutuluka m'nyumba mwathu osalembedwa mmenemo. Madzulo alionse ana akagona ndimakhala pansi ndi malisiti a tsikulo, chilichonse n'kuchiika m'gulu lake: lendi, fizi ya ana, magetsi ndi madzi, mankhwala, ngongole ya ku banki, ndi kagulu kakang'ono kamene ndinakatcha "za mwadzidzidzi". Mwezi ukatha ndimatenga sitetimenti ya ku banki n'kufananiza mzere ndi mzere mpaka manambala atagwirizana. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe chimene mwaononga. Si fayilo wamba. Ndi madzulo a zaka 7.

Mwezi wathawu, chakumayambiriro, pulogalamuyo inayamba kunditulutsira uthenga nthawi iliyonse ndikaitsegula: mtundu wakalewu usiya kukoka manambala ku banki, pangani upgrade. Mtundu watsopanowo si wogula kamodzi ngati kale, ndi wolipira chaka ndi chaka. Zimenezo sindinakangane nazo. Ndikudziwa kuti makampani ambiri a mapulogalamu a bajeti anapita njira imeneyo: YNAB inasintha kumapeto kwa 2015, Quicken nayo inayamba kulipiritsa pachaka kuyambira mtundu wa 2018. Ndinati chabwino, anthu ogwira ntchito amafunika malipiro, ndilipira.

Mtengo munalemba $59.99. Ndinalowetsa manambala a khadi langa, kagudumu kaja kanazungulira, kenako panatuluka mawu ofiira akuti malipiro sanatheke, yesaninso. Ndinayesanso, chifukwa ndi inu amene munandiuza kuti ndiyesenso. Foni yanga inalira kawiri motsatizana, mauthenga awiri a ku banki: $59.99, kenako $59.99 inanso. Pa iliyonse banki inadulapo yake $1.80. Zonse pamodzi $123.58. Sitetimenti ndili nayo, mizere inayi yonseyo ndaikhwatcha ndi cholembera chofiira.

Ndiye abale, imvani izi. Ndalipira kawiri, koma ndikatsegula pulogalamuyo pamwamba pamalembedwa kuti akaunti yanga sinalipidwe. Chifukwa cha chimenecho, fayilo yanga yatsekedwa: kuona ndingathe, kusintha ayi, kutulutsa manambala anga ayi. Batani la export lili mbuu, ukalidina silimva kanthu.

Zikanakhala kuti fayiloyo ili bwinobwino ndikanadikira mofatsa. Koma upgrade yanu isanafunse n'komwe za malipiro, inali itasandutsa kale fayilo yanga kukhala ya mtundu watsopano, ndipo posandutsapo inaononga. Madeti onse anatembenuzika. Ine ndimalemba tsiku poyamba, mwezi pambuyo. Pulogalamu yanu yatsopano inawerenga mwezi poyamba. Zimene ndinagula pa 3 April zinapita pa 4 March, za pa 9 January zinakagwera mu September. Ndipo popeza chaka chili ndi miyezi 12 yokha, mzere uliwonse wa tsiku la 13 kupita m'tsogolo unasowa kolowera, onse anangounjikana pamalo amodzi opanda deti. Ndawerenga: ndi mizere 2,316.

Si zokhazo. Kale manambala a ku banki ndinkawalowetsa ndi mafayilo a QIF, mtundu wakale wa fayilo yosamutsira mizere ya ku banki kupita mu pulogalamu. Aliyense wopanga mapulogalamu a ndalama amadziwa kuti QIF ilibe nambala yozindikiritsa mzere uliwonse, pamene OFX, mtundu wina wa fayilo yotere, ili nayo. Pulogalamu yanu itangolumikizana ndi banki inakokanso miyezi itatu yomaliza, ndipo posowa pofananizira inangolemba zonse kachiwiri. Lendi kawiri, magetsi kawiri. Ndalama zimene ndinkasamutsa kuchoka ku akaunti ya tsiku ndi tsiku kupita ku akaunti yosungira, yazitenga ngati ndalama zimene ndinawononga. Ine si katswiri wa makompyuta, zimenezi ndaziphunzira ndekha masabata atatu apitawa, usiku, pofufuza chimene chalakwika. Inu amene ndi ntchito yanu, munalephera bwanji kuziyesa musanatikakamize kusintha?

Ndikuuzeni chimene chinachitika m'nyumba mwanga chifukwa cha zimenezi. Amuna anga anatsegula kompyuta kuti aone ngati ya fizi yakwana, monga timachitira teremu iliyonse. Gulu la fizi linali lofiira, likuonetsa kuti tadya kale zonse mpaka kupitirira. Anatembenuka n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi a ana, ndalama ya sukulu yapita kuti?" Zaka zonsezi sanandifunsepo funso limenelo. Usiku umenewo ndinatsitsa katoni ya malisiti pamwamba pa kabati, tinayala mapepala patebulo ponse mpaka pansi, iwo akuwerenga ine ndikuwonkhetsa pa foni. Kunja kukuyera tinapeza kuti palibe imene inasowa, ndalama zonse zili ku banki. Anapepesa. Koma funso lija linafunsidwa, ndipo amene analibweretsa m'nyumba mwanga ndi inu.

Tsopano ndifike pa foni ija.

Mumayankha mafoni nthawi ya ntchito yokha, ndiye ndinapempha tsiku kuntchito, Lachiwiri kapena Lachitatu la sabata ya dzana, kuti ndikhale pafupi ndi kompyuta pamene tikulankhula. Ndinadikira pafupifupi ola lathunthu ndikumvera kanyimbo kobwerezabwereza. Woyamba kuyankha anati iye si wa zamalipiro, n'kundiponyera kwa wina. Winayo anati iye si wa zamafayilo, n'kundiponyera kwa wachitatu. Wachitatuyo, mnyamata, anayankha akutafuna chinachake, ndinkachita kumva. Ndinamupatsa moni, ndinamufotokozera zonse mwaulemu kuyambira poyamba, pomwe ndinali nditafotokoza kale kawiri.

Anandidula pakamwa ndisanamalize. Anafunsa ngati ndinapanga backup. Ndinati inde, pulogalamu yanu yomwe inandiuza kuti ikusunga kope isanasinthe chilichonse. Anaseka. Anati kope limenelo limasungidwa fayilo itasinthidwa kale, ndiye mtundu wakale sungalitsegule, ndipo zimenezo zinalembedwa m'malamulo amene ndinavomereza. Ndinamufunsa kuti nanga kope losungidwa zinthu zitaonongeka kale limathandiza chiyani? Yankho lake ndinalilemba pa pepala nthawi yomweyo kuti ndisadzaonjezere kapena kuchotsera. Anati: "Mayi, ngati kompyuta simuidziwa, muzipempha ana anu azikuthandizani."

Ndinakhala chete kaye. Kenako ndinamuuza kuti andilumikize ndi abwana ake. Apa ndi pamene ulemu unatheratu. "Iwe, pali anthu ambiri pa mzere, tsegula tiketi ina." Foni thi.

Iwe? Ine mayi wa ana atatu, amene mwina ndingamubereke, kunditchula kuti iwe, ndalama zanga zili m'thumba mwa kampani yake kawiri? Anzanga amene mukuwerenga izi, ndiuzeni, ndi kuti kumene munthu amalipira kuti atukwanidwe? Manja ananjenjemera, sindinathe kugwira chilichonse mpaka madzulo. Tsiku la tchuthi linapita pachabe, mayunitsi anapita pachabe, ndipo vuto lili pompaja. Dzina la mnyamatayo ndili nalo koma sindililemba pano, chifukwa sindikufuna kuti anthu amulondalonde. Poyambira pa foni ija munanena nokha kuti zokambirana zimajambulidwa. Kamvereni. Nambala ya tiketi ili m'maimelo onse amene ndinakutumizirani.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mwagwira manambala anga ngati chikole. Pulogalamu ndi yanu, palibe akukana. Koma zimene zili m'katimo, malipiro anga, ngongole zanga, mankhwala amene ndinagulira mwana wanga atadwala, ndi zanga. Ngakhale makampani amene anatseka mapulogalamu awo sanachite zimene mukuchitazi. Microsoft itasiya kugulitsa Money mu 2009, chaka chotsatira inatulutsa mtundu waulere wotchedwa Sunset kuti anthu azitsegulabe mafayilo awo akale. Mint itatsekedwa mu March 2024, anthu anachenjezedwa miyezi ingapo pasadakhale ndipo ankatha kutsitsa mizere yawo yonse mu CSV, fayilo wamba ya tebulo imene mapulogalamu ambiri amatsegula. Amenewo ankatseka mapulogalamu awo, koma katundu wa eni anabweza. Inu bizinesi ikuyenda, ndalama mwalandira kawiri, koma khomo mwakhoma.

Kwa inu nonse amene uthenga wa upgrade ukukuvutitsani panopa, musadine kaye. Koperani fayilo yanu pa flash ndi manja anu, musadalire kope limene pulogalamu ikulonjeza. Tulutsani mizere yonse mu CSV mtundu wakale ukadali wotseguka, ndipo fayilo yoikira mtundu wakalewo musaifufute. Malipiro akakana, musayesenso musanaone ku banki. Muonenso kabokosi ka kulipira kokha chaka chamawa, ine ndinakapeza kali kochongedwa kale ndisanakakhudze. Ndikanadziwa zimenezi bwenzi lero ndikugona tulo.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndadekha masabata atatu. Poyamba ndinkangopempha $61.79, ya kachiwiri ija pamodzi ndi imene banki inadula. Ndikanabwezeredwa imeneyo sabata yoyamba, mukananditsegulira akaunti, bwenzi ndikadali kasitomala wanu, ndikukonza madeti ndekha pang'onopang'ono osadandaula. Panopa ayi. Ndikufuna $123.58 yonse, chifukwa chimene ndinagula sichinagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ndikufuna munditsegulire export, kapena munditumizire mizere yanga yonse mu CSV kapena QIF, madeti ali mmene ndinawalembera. Muzimitse kulipira kokha kuja ndipo mufufute manambala a khadi langa kwanu, kenako mundilembere kutsimikiza kuti mwatero. Ndipo munthu wa udindo, wokhala ndi dzina, andiimbire n'kupepesa pa mawu aja. Uthenga wobwera wokha sindiulandiranso.

Musaganize kuti ndilibe kopita. GnuCash, pulogalamu ina yosungira za ndalama, ndi yaulere, yakhalapo kuyambira 1998, ndipo imawerenga QIF, OFX ndi CSV. Ndaiika kale pa kompyuta, ikungodikira manambala anga. Mwezi uno ndikulemba m'kope ndi cholembera ngati kale, koma zaka 7 sindingazikopere pamanja kuchokera pa sikirini imene madeti ake ndi osokonekera.

Ndikukupatsani mpaka Lachisanu likubwerali. Likadutsa ndisanaone ndalama ku akaunti yanga, Lolemba m'mawa ndikupita ku banki kukatsegula mlandu wokaniza malipirowo. Ndafunsa kale: pa makhadi a Visa ndi Mastercard nthawi zambiri munthu amakhala ndi masiku 120, ndipo ine sindinafike n'theka lomwe. Umboni wa kulipira kawiri ndi wosavuta, mtengo umodzi, tsiku limodzi, mphindi zoyandikana. Ndikachoka kumeneko ndikukasiya dandaulo ku bungwe loteteza anthu ogula. Kenako ma screenshot onse, la malipiro okanidwa, la mauthenga awiri a ku banki, la akaunti "yosalipidwa" ndi la batani lakufa lija, ndiwaika pano ndi paliponse pamene anthu amawerenga asanagule pulogalamu yanu. Mukafufuta izi ndilembanso, mawu onse ndawasunga.

Ngati pali wina amene anadulidwa kawiri, kapena madeti ake anatembenuzika ngati anga, sungani sitetimenti yanu ndipo mundidziwitse, tikadandaule limodzi. Sindikukhulupirira kuti ndine ndekha.

$123.58, fayilo yanga, ndi foni yopepesa. Lachisanu.