Tiidziwe Dunblane, bwenzi la Likhubula

Akonzi,

Ndiloleni ndikambepo za Dunblane, katawuni ka ku Scotland komwe kali pa ubale ndi anthu a ku Likhubula, ku Mulanje. Tikamva za Scotland ambiri timangokumbuka David Livingstone, chonsecho katawunika kali ndi mbiri yakenso.

Tchalitchi chake chachikulu chili m'mbali mwa mtsinje wa Allan Water, ndipo anachimanganso ndi Bishopu Clement m'zaka za m'ma 1200. Mbali ina inakhala yopanda denga zaka pafupifupi 300, mpaka anaikonza pakati pa 1889 ndi 1893.

Koma chimene chimandiwawa mtima ndi cha pa 13 Malichi 1996, pamene munthu wina anapha ndi mfuti ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya pulaimale. Makolo sanangolira maliro n'kukhala chete ayi. Anakakamiza boma, ndipo mu 1997 malamulo oletsa anthu wamba kusunga mfuti zing'onozing'ono anakhazikitsidwa. Andy Murray, katswiri wa tenesi uja, anali mwana pasukulupo tsikulo.

Chonde tumizani mtolankhani ku Likhubula akamve momwe ubalewu ukuyendera.

Ine wowerenga wanu,
ku Mulanje