Mphere yabwereranso m'nyumba mwanga, ndipo chipere cha mwana chikukula

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala kufupi ndi nyanja ya Chia m'boma la Nkhotakota, komwe amuna anga amapha nsomba. Ndalemba kalata ino chifukwa matenda a pakhungu alowa m'nyumba mwanga, moti patha miyezi iwiri tisakuona tulo.

Vutoli linayamba ndi mwana wanga wachisamba, wa zaka 13, atabwera ku tchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko. Anali ndi tinsungu m'mipata ya zala, m'khwapa ndi m'chiuno. Masana ankasewera bwinobwino, koma kukangoda ankadzikanda mpaka kutuluka magazi, ndipo ine ndinkamva zikhadabo zake zikukwecha khungu ndili kuchipinda kwanga. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno anatiuza kuti ndi mphere, yomwe imayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu n'kuikira mazira momwemo. Anatipatsa mankhwala oyera amadzimadzi otchedwa benzyl benzoate kuti adzole thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, akhale maola 24 asanasambe, komanso kuti tichape zovala ndi zofunda m'madzi otentha n'kuziyanika padzuwa.

Apa ndiyenera kuvomereza kulakwa kwanga. Anandiuza kuti aliyense wa m'nyumba adzole tsiku limodzi, koma poona kuti botolo ndi limodzi ndipo enafe sitinkamva kuyabwa, ndinadzoza mwana yekhayo. Patatha milungu itatu ang'ono ake awiri, omwe amagona naye pamkeka umodzi m'neti imodzi, anayamba kudzikanda, kenako ine, ndipo tsopano wachisamba uja yamubwereranso. Bambo a anawa akukana kudzola ponena kuti munthu wosadwala samwa mankhwala, chonsecho mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu anafotokoza kuti munthu angakhale ndi tizilomboto mpaka milungu 6 asanayambe kumva kuyabwa, kwinaku akupatsira ena. Amuna angawa akapita kunyanja amagona m'misasa ndi asodzi anzawo, mwina kufunda bulangete limodzi. Kodi tingathane nayo mphereyi munthu mmodzi atatsala osadzola? Nanga ndingawalankhule bwanji kuti amve, popanda kuoneka ngati ndikuwanena kuti ndi auve?

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wamng'ono wa zaka 6. Pamutu pake panatuluka chibanga chozungulira, chotuwa ngati anawazapo phulusa, ndipo tsitsi la pamenepo linathothoka. China chinatuluka patsaya. Ndinagula kirimu pamsika, wogulitsa atanditsimikizira kuti amathetsa chilichonse cha pakhungu. Masiku oyamba kuyabwa kunaleka ndipo ndinasangalala, koma chibanga cha patsaya, chomwe chinali ngati ndalama yachitsulo, tsopano chafika kufupi ndi khutu. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe anapuma pantchito ya unamwino, atawerenga pa kabokosi mawu akuti betamethasone anapukusa mutu. Anati chimenechi ndi chipere, ndipo mankhwala a mtundu umenewo amangobisa kufiira pamene nthendayo ikufalikira. Anatinso chipere cha m'mutu sichimva zodzola zokha koma chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa milungu ingapo. Kodi zimenezi ndi zoona, ndipo mwana wa msinkhu umenewu angamwe mapiritsi nthawi yaitali chotere popanda vuto? Ndikukayikiranso makina ometera omwe amameta ana a mudzi wonse osatsukidwa.

Apongozi anga, omwe ndimawalemekeza kwambiri, akuti zonsezi zadza chifukwa chodya mlamba ndi usipa, ndipo akufuna kuti ana asiye nsomba n'kuyamba kupakidwa utomoni wa papaya. Ine sindikugwirizana nazo, pakuti kunyanja kuno tonse tinakulira nsomba zomwezi, ndipo ndikawaletsa ndiye kuti adzadya nsima ndi masamba okha.

Pomaliza, zilonda zina za m'manja mwa mwana wachiwiri zayamba kutuluka mafinya ndi kuuma nkhanambo zachikasu. Ndinamva kuti zilonda zotere zikalekereredwa zingathe kuwononga impso za mwana. Ndithandizeni kudziwa chimene ndiyambire pa zitatuzi, komanso ngati ndi bwino kuti wamkuluyu abwerere kusukulu, chifukwa akutsegulira pakatha milungu iwiri ndipo kumeneko amagona ambiri m'chipinda chimodzi.

Ndine wanu,
Mayi wodandaula
Nkhotakota