Kuganiza kwambiri kukutidwalitsa kuno ku Ntcheu

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za vuto limene ambiri timalitenga ngati chibadwa chabe: kuganiza kwambiri. Munthu amagona maso ali gwa, nkhani imodzimodzi ikungozungulira m'mutu mpaka tambala kulira, koma kukacha palibe chimene wagamula.

Taonani mlimi wa kachewere ku Tsangano. Wakumba, wathira m'matumba, kenaka wayamba kusinkhasinkha: agulitse kwa mavenda pompo, apite naye ku Lizulu, kapena adikire mtengo ukwere? Wafunsa anthu khumi, aliyense ndi yankho lake. Masabata akamadutsa, kachewere uja amayamba kumera, wina kuwola, ndipo venda amadzagula pa mtengo wolira.

Njira yothetsera ilipo, ndipo ikufanana ndi imene amagwiritsa ntchito agogo ophunzitsidwa a Friendship Bench, ntchito yopereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo yomwe Dr Dixon Chibanda adayambitsa ku Harare mu 2006. Tengani pepala, lembani vuto limodzi lokha. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amalemba kuti "umphawi", chinthu choti sungachigwire paliponse. Lembani kuti "fizi ya mwana ya temu ino". Pansi pake ikani njira zitatu zimene mungathe ndi zomwe muli nazo lero, kaya ganyu, kugulitsa mbuzi kapena ngongole ku banki m'khonde. Sankhani imodzi, muike tsiku loyambira. Malangizo funsani kwa anthu awiri basi.

Nkhawa zipatseni mphindi 15 masana. Zikabwera usiku, zilembeni kuti muzione mawa, kenaka pumani pang'onopang'ono: kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mpaka 6. Kachasu musamuyese mankhwala. Amagonetsa msanga inde, koma tulo timaduka pakati pa usiku, maganizo n'kubwerera ndi ukali.

Chimene chimandiwawa n'chakuti abambo ambiri amangoti "ndili bwino" kufikira zitafika poipa. Ngati kwa masabata awiri munthu sakugona, sakufuna kudya, mtima ukungogunda, ndipo zimene ankakonda sizikumusangalatsanso, mwina ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Mumuperekeze kuchipatala chapafupi kapena cha boma pa Ntcheu, akafotokoze zonse, osangoti mutu ukupweteka n'kubwerako ndi panado. Akatchula zodzipha, musamusiye yekha, mankhwala a m'munda muwatsekere kutali, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Wokhudzidwa,
Ntcheu