Kalata yochokera kwa azakhali: daily, weekly ndi anzake

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ndi abambo ako. Ine kuno ku Manchester ndili bwino, kungoti kukuzizira kwambiri, ndipo mwezi uno wa Disembala dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane.

Achimwene andiuza pa foni kuti aphunzitsi anakupatsani mawu a Chingerezi onena za nthawi ndipo ena akukuvuta. Bwera tiwaone limodzi.

Ukudziwa kale kuti day ndi tsiku, week ndi sabata, month ndi mwezi, year ndi chaka. Ukaika ly kumapeto kwake, ndiye kuti chinthucho chimachitika mobwerezabwereza. Daily ndi tsiku ndi tsiku, monga kutsuka mano. Koma polemba usamale, y uja wa day amasanduka i, aphunzitsi angakudule malikisi. Weekly ndi sabata iliyonse: nyuzipepala ya Malawi News imatuluka Loweruka lokhalokha, ndiye ndi ya weekly. Monthly ndi mwezi ndi mwezi, ngati malipiro amene abambo ako amawadikira pakutha pa mwezi. Yearly ali ndi mnzake wotchedwa annual, onsewo ndi chaka ndi chaka. Chikondwerero cha pa 6 July, chokumbukira ufulu umene dziko lathu linalandira mu 1964, ndi cha annual. Mayeso a Sitandade 8 amene akukudikira kutsogoloku nawonso amalembedwa kamodzi pachaka.

Pali mawu ena amene ndimawakonda, fortnight. Azungu akale ankawerenga nthawi ndi mausiku, ndiye mausiku khumi ndi anayi, fourteen nights, anawafupikitsa n'kukhala fortnight, kutanthauza masabata awiri. Kuno anthu amawatchula kawirikawiri. M'madera ambiri galimoto yotenga zinyalala imabwera fortnightly, ndipo ukaiwala kutulutsa bini lako, udikira masabata ena awiri likununkha pakhomo. Ku America sawagwiritsa ntchito kwenikweni mawuwa.

Tsopano tchera khutu, chifukwa apa ndi pamene ngakhale akuluakulu amapunthwa. Kachidutswa kakuti bi kamatanthauza ziwiri, n'chifukwa chake njinga, ya matayala awiri, ndi bicycle. Ndiye biweekly n'chiyani? Ena amati kawiri pa sabata, ena amati kamodzi pa masabata awiri, ndipo dikishonale imavomereza zonse ziwiri. Bimonthly chimodzimodzi. Taganiza, aphunzitsi a kwaya atanena kuti tizikumana biweekly, ana ena abwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ena ajomba sabata yathunthu, ndipo palibe wolakwa! Palinso amapasa awiri ofanana nkhope: biannual ndi kawiri pachaka, pomwe biennial ndi kamodzi pa zaka ziwiri. Pa mayeso uwaloweze bwino awiriwa. Koma polankhula, ine sindiwafuna n'komwe mawu a bi amenewa. Ndimangonena twice a week ngati ndi kawiri pa sabata, kapena every two weeks ngati ndi kamodzi pa masabata awiri. Aliyense amamva.

Pa mankhwala m'pamene sipafunika kungoganizira. Twice daily ndi kawiri pa tsiku, nthawi zambiri m'mawa ndi madzulo. Every other day ndi kumwa lero, mawa osamwa, mkuja kumwanso. Agogo akabwera ndi mankhwala kuchokera kuchipatala, uziwerenga nawo zolembedwa pa kapepala kaja, koma wowapatsa mankhwalawo akhale amayi ako, osati iwe.

Nthawi zazitali zili ndi mayina akenso. Quarterly ndi miyezi itatu iliyonse, chifukwa chaka amachigawa panayi. Leap year imabwera pakapita zaka zinayi, pamene February amakhala ndi masiku 29 ndipo chaka chonse masiku 366. Inali 2024, ikubwera ndi 2028. Decade ndi zaka khumi. Boma lathu linawerenga anthu mu 1998, 2008 ndi 2018, kamodzi pa decade iliyonse. Century ndi zaka 100, ndipo ukafunsa agogo aakazi akuuza kuti atsala pang'ono kuikwanitsa, koma usawakhulupirire msanga.

Undiyankhe m'Chichewa, koma pansi pake ulembe ziganizo zitatu za Chingerezi, china chikhale ndi fortnight. Abambo ako ajambule kalatayo anditumizire pa WhatsApp. Upereke moni kwa agogo ndi kwa mng'ono wako.

Ndine,
Azakhali ako