Chimene chinatilera si chikoti chokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa dandaulo limene ndimalimva paliponse pamene Amalawi takumana kuno ku Joni, kaya ndi pabwalo la tchalitchi tikatuluka m'mapemphero, kaya ndi ku Park Station pamene tikutumiza katundu kumudzi, kaya ndi pa msonkhano wa maliro. Dandaulolo ndi lakuti ana a masiku ano alibe mwambo chifukwa boma linalanda aphunzitsi ndi makolo chikoti. Ine ndinabadwira ku Ntcheu, ndinaphunzira sukulu ya pulayimale m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndakhala mu Johannesburg zaka zoposa 20 ndikulera ana atatu. Chikoticho ndikuchidziwa bwino chifukwa ndinachilawa kambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene akuti chikadzangobwerera zonse zidzakhalanso m'malo.

Anzanga a msinkhu wanga akumbukira mmene tsiku linkayambira. Belu, limene kwathu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, likangolira, mphunzitsi ankaima panjira ndi nthyole m'manja kudikira ochedwa. Pamzere ankatiyendera zikhadabo, tsitsi ndi m'khosi, ndipo tinkaloweza ngodya zinayi za Kamuzu, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, tisanadziwe n'komwe tanthauzo lake. Wolakwitsa masamu ankalandira zikoti m'manja, wolongolola m'kalasi ankagwada pamchenga manja ali m'mwamba, ndipo amene wapalamula mlandu waukulu ankapatsidwa khasu kuti akumbe dzenje lofanana ndi msinkhu wake kapena azule chitsa cha mtengo pamene anzake akuphunzira. Ukanena kunyumba kuti aphunzitsi andimenya, bambo ankakuwonjezera zina asanafunse chimene chachitika. Koma tisaiwale kuti m'masiku amenewo akuluakulu nawonso sankafunsa mafunso. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, anyamata a chipani ankabweza anthu pa msika ngati alibe khadi, ndipo a Payoniya anali paliponse kufikira pamene asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Kukhala chete kwa mwana m'kalasi kunali mbali ya kukhala chete kwa dziko lonse, ndipo amene akulakalaka chete wa m'kalasiyo ayenera kunena poyera ngati akufunanso mnzakeyo.

Chimene chimandivutitsa mtima ndikamakumbukira ndi milandu imene tinkamenyedwera. Mtsikana amene wachedwa chifukwa amayi ake anamutuma kumjigo m'mamawa ankalandira zikoti zofanana ndi za mnyamata amene wachedwa chifukwa chosaka mbewa. Panali mnzanga wina amene ankakwapulidwa pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cholemba zolakwika, ndipo patapita zaka zambiri tinadziwa kuti maso ake sankaona bwino pa bolodi. Ena ankathamangitsidwa chifukwa cha fizi kapena yunifolomu, ndipo m'makalasi a pamwamba tinkalangidwa chifukwa cholankhula Chichewa chomwechi chimene ndikulemberamo kalata ino. Tinayamba Sitandade 1 tili chigulu, koma pofika Sitandade 8 tinatsala ochepa, ndipo ambiri mwa amene anasiya anapita kukaweta ng'ombe, kukagwira ntchito m'maesiteti a fodya kapena kukwatiwa ali ana. Umphawi ndiwo unachotsa ambiri, sindikukana, koma ndikudziwa ena amene anangotopa ndi kumenyedwa. Ife amene timatamanda chikoti lero ndife amene tinapirira mpaka kumapeto, ndipo aja anathawa palibe amawafunsa maganizo awo.

Nanga chinatilera n'chiyani, popeza sindinganame kuti sitinaleredwe? Ine ndikuti anali maso a anthu. Mphunzitsi ankakhala m'nyumba ya pasukulu pomwepo, ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi amayi, ankadziwa malume ako ndi dzina, ndipo ukajomba ankatha kufika kunyumba madzulo ake. Kuchokera kusukulu kufika kumudzi unkadutsa pamaso pa anthu osachepera khumi amene aliyense anali ndi mphamvu yokudzudzula, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Madzulo agogo ankatisimbira nthano momwe mwana wamwano ankaona zakuda, ndipo atsikana anali ndi anankungwi amene ankawalangiza akakula. Panalinso ntchito, kupita kudimba, kutola nkhuni, kusinja, moti nthawi yochitira zopusa inali yochepa. Chikoti chinkabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo chinkaoneka champhamvu chifukwa kumbuyo kwake kunali mudzi wonse.

Kwathu anthu ambiri amati zinthu zinasokonekera mu 1994 pamene kunabwera demokalase ndi nkhani za ufulu wachibadwidwe. Chakacho n'cholondola, koma chifukwa chimene amapereka n'choperewera. N'zoona kuti malamulo aakulu a dziko amene analembedwa chaka chimenecho, mu gawo 19, analetsa chilango chomenya pa milandu yoweruzidwa ndi mabungwe a boma. Koma m'chaka chomwecho boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanapite ku koleji, makalasi anasamukira pansi pa mitengo, ndipo mphunzitsi mmodzi anayamba kuyang'anira ana oposa 100. Munthu amene sangathe kuloweza mayina a ana ake onse sangadziwe amene wajomba, ndipo sangafike kunyumba kwa aliyense madzulo. M'zaka zomwezo Edzi inali kutenga makolo, amalume ndi aphunzitsi omwe, n'kusiyira agogo ana amasiye ochuluka. Maso aja anachepa chifukwa cha zimenezi, ndipo si chilungamo kukankhira mlandu wonse pa ufulu.

Kuno ku South Africa nkhaniyi ili ndi mbiri yake imene ife obwera tiyenera kuidziwa tisanayambe kunyoza malamulo a eni dziko. Pa nthawi ya tsankho chikoti chinali chida cha boma, ndipo makhoti ankalamula kuti anyamata akwapulidwe monga chilango cha milandu yawo, kufikira pamene khoti loona za malamulo aakulu a dziko linaletsa zimenezo mu 1995. Chaka chotsatira, lamulo la sukulu la 1996 linanena mu gawo 10 kuti kumenya mwana pasukulu ndi mlandu. Sukulu zina zachikhristu zinakadandaula kukhoti kuti chikhulupiriro chawo chimawalola kulanga ndi ndodo, koma zinagonja mu 2000. Ndi dziko limene limakumbukira chaka chilichonse pa 16 Juni ana asukulu a ku Soweto amene mu 1976 anakana kuphunzitsidwa m'Chiafirikanzi n'kuwomberedwa ndi apolisi, ndipo tsiku limenelo ndi tchuthi. Anthu amene anamanga chikumbutso cha Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12 amene anaphedwa tsiku limenelo, sangaone kusamvera kwa mwana mmene ife tinaphunzitsidwira kukuonera.

Chimene makolo ambiri Achimalawi sakudziwa ndi chakuti lamulo linalowanso m'nyumba. Mu Seputembala 2019 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lija, m'chigamulo chimene analemba mkulu wa oweruza pa nthawiyo a Mogoeng Mogoeng, linanena kuti kholo silingadziteteze pa mlandu womenya mwana ponena kuti linali kumulanga mwachikondi. Mlanduwo unayambira mu Johannesburg momwe muno, kwa bambo wina amene anamenya mwana wake wa zaka 13. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndimamva abale akunena kuti m'nyumba mwanga boma sililowa. Limalowa ndithu, ndipo mwana akafika kusukulu ndi zipsera mphunzitsi ali ndi udindo wokanena. Kwa m'bale amene mapepala ake sali bwino, kufika kupolisi pa nkhani ya mwana kukhoza kutsegula mlandu wina umene sanauganizire.

Ine ndinaphunzira kachitidwe katsopanoka mwana wanga wachiwiri ali mu Giredi 8, pamene anabwera ndi kalata yondiitana kusukulu chifukwa anamenyana ndi mnzake mpaka kumutulutsa magazi m'mphuno. Ndinapita nditakwiya kale, ndipo chigamulo changa ndinali nditachipanga m'takisi. Tinakhala pamaso pa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, anawerenga malamulo a pasukulu amene ndinasayina mu Januwale osawawerenga, kenaka anapatsa mwana mpata woti alankhule. Apo m'pamene ndinamva koyamba kuti kwa miyezi ingapo anzake ankamutcha kwerekwere, dzina lonyozera anthu ochokera kunja, ankamulanda ndalama ya nkhomaliro ndi kumuuza kuti abwerere kwawo, chonsecho mwanayo anabadwira m'chipatala cha muno ndipo ku Malawi anangopitako kawiri. Anamuimitsa masiku angapo chifukwa chomenya, zimene ndinavomereza, ndipo makolo a anyamata enawo anaitanidwanso. Pobwerera ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire, ndipo anayankha kuti, “Adadi, mumafika mutatopa, ndipo mukanayamba ndi kundikalipira.” Ndikanachita mmene bambo anga ankachitira, ndikanamumenya usiku umene anabwera ndi kalata ija, ndipo za kwerekwerezo sindikanazimva mpaka lero.

Musandimve ngati ndikunena kuti zonse zili bwino m'sukulu za kuno. Muli ana amene amalowa m'kalasi ndi mipeni, muli chamba ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa nyaope, ndipo aphunzitsi ena amaopa ana awo omwe, makamaka pamene foni iliyonse ikhoza kujambula ndi kufalitsa chithunzi pa Facebook belu lisanalire. Zimenezi si zofanana ndi kuba mango kapena kuthawa kusesa kumene ife tinkachita. Boma linachotsa ndodo mosavuta, koma silinapatse mphunzitsi aliyense alangizi ndi nthawi yoti agwiritse ntchito njira zina, ndipo njira ya makalata ndi misonkhano imachedwa, chifukwa ngakhale mphunzitsi wamkulu alibe mphamvu yochotsa mwana sukulu popanda mkulu wa maphunziro m'chigawo. N'chifukwa chake ena amamenyabe mobisa ngakhale akudziwa kuti akhoza kutaya ntchito. Aphunzitsi amenewa ndimawamvera chisoni ngakhale sindiwavomereza.

Koma tiyeni tione moyo wathu kuno. Bambo amatuluka 5 koloko m'mamawa kukagwira ntchito ya m'munda kapena ya ulonda ku Sandton, mayi amagona kuntchito m'nyumba ya abwana n'kubwera Loweruka lokha, ndipo mwana amaweruka cha m'ma 2 koloko n'kukatsegula yekha chipinda cha lendi ku Yeoville, ku Turffontein kapena ku Diepsloot. Kuyambira nthawi imeneyo kufikira usiku palibe munthu wamkulu amene akudziwa kumene iye ali. Woyandikana naye nyumba ndi wochokera ku Zimbabwe, ku Congo kapena ku KwaZulu-Natal, sadziwa dzina la mwanayo ndipo sangayerekeze kumudzudzula. Kholo likabwera usiku n'kumva zoipa, limafuna kukonza ndi lamba m'mphindi zisanu zimene zawonongeka m'maola asanu ndi limodzi, ndipo likalephera limati boma ndilo lamuwononga mwana.

Njira imene ambiri amathamangira ndi yokweza mwana basi kuti akakhale ndi agogo kumudzi akaphunzire mwambo. Ndaona ena zitawayendera, makamaka pamene mwana wapita ali wamng'ono ndipo kumudziko kuli munthu wamphamvu womuyang'anira. Koma mudzi umene tikuukumbukira suliponso mmene tinausiyira. Malume amene akanamulangiza ali konkuno ku Joni, mwina m'chipinda choyandikana ndi chathu, azakhali ali ku Cape Town, ndipo agogo a zaka 75 sangathamangitsane ndi mnyamata wa zaka 14 amene amalankhula Chizulu ndi Chingerezi, amene anzake akumuseka kalankhulidwe, ndiponso amene akudziwa tsiku limene ndalama zochokera ku Joni zimafika. Mwana wotere amamva kuti watayidwa, ndipo sindinganene kuti walakwitsa kumva choncho.

Ife Amalawi a kuno timadziwa kugwirizana pamene tafuna. Munthu akamwalira timasonkha ndalama zambiri m'masiku ochepa kuti thupi likafike ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo pafupifupi mpingo uliwonse ndi mzikiti uliwonse uli ndi gulu lake pa WhatsApp. Magulu omwewo akhoza kudziwa ana amene amakhala okha masana ndi kupeza munthu wamkulu wowalandira. Makomiti oyendetsa sukulu za boma amasankhidwa zaka zitatu zilizonse, ndipo misonkhano ya makolo imaitanidwa chaka chilichonse, koma nthawi zonse ndikapitako Amalawi timakhala awiri kapena atatu pasukulu imene ana athu ndi ambiri. Ena amaopa Chingerezi, ena amaopa kufunsidwa mapepala, ena sapatsidwa mpata kuntchito. Ndikupempha nyuzipepala yanu, imene ambiri kuno timaiwerenga pa foni, kuti ipatule tsamba lofotokoza m'Chichewa malamulo okhudza kulanga ana, a kwathu ndi a kuno, kuti kholo lidziwe zoyenera kuchita likalandira kalata yochokera kusukulu.

Pa msewu wathu mabanja anayi tinagwirizana ndi mayi wina wachikulire wochokera ku Balaka, amene anasiya ntchito chifukwa cha miyendo, kuti ana athu azifikira kwa iye akaweruka, ndipo timamupatsa kangachepe mwezi ukatha. Ali ndi kope momwe amalemba nthawi imene mwana aliyense wafika, amaona ngati alemba ntchito ya kusukulu, ndipo wochedwa ndi theka la ola amadziwa kuti foni ya bambo ake ilira kale. M'miyezi 18 imene takhala tikuchita zimenezi mayiyu sanakwezepo dzanja pa mwana aliyense, koma anyamata athu amamuopa kuposa mmene amandiopera ine.

Ine wanu,
Kholo la ana atatu,
Rosettenville, Johannesburg